Ndikuthamanga makilomita 21 ku Soweto chifukwa cha mjigo wa kwathu, ndithandizeni nzeru

Lamlungu, 4 Ogasiti

Abiti Saidi: Mwaswera bwanji akuluakulu ndi achemwali anga nonse a pa gulu lino. Ndili ndi nkhani yomwe yakhala ikundisowetsa tulo, lero ndati ndiitule pano. Ambiri mukudziwa kuti mu Januwale 2023 matenda a kolera anatitengera mwana wa achemwali anga kwathu ku Mangochi. Anali ndi zaka 6. Anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, pofika mawa lake anthu anali akukumba manda. Ine uthenga ndinaulandira ndili chiimire m'khitchini ya abwana kuno ku Parkview, mu Johannesburg, ndipo kumaliroko sindinathe n'kupita komwe. Nthawi imeneyo mjigo wa m'mudzi mwathu unali utafa kale, anthu ankatunga kunyanja, pomwepo pochapira ndi potumbulira nsomba. Mpaka lero mjigowo uli chomwecho. Mayi anga ndi ukalamba wawo akusenzabe ndowa kuchokera kunyanja.

Ndiye ndalembetsa mpikisano wa Soweto Marathon wa pa 3 Novembala 2024. Osati wonse wa makilomita 42 ayi, koma wa theka, makilomita 21.1. Ndikupempha kuti kilomita iliyonse ipeze marandi 1,000 (R1,000), zonse pamodzi R21,100, tikonzetse mjigowo. Vuto langa ndi lakuti chibadwire sindinathamangepo mpikisano, ndipo ndili ndi zaka 39. Dzulo ndinayesa ku Zoo Lake, mphindi zinayi zokha chifuwa chinali chitatentha ngati ndameza khala lamoto. Masabata atsala 13. Amene mukudziwa za kuthamanga ndigwireni dzanja.

Mayi a Mphatso: Achemwali, mwandiliza. Mliri umene uja unatenga anthu opitirira 1,700 dziko lonse, palibe mwa ife amene sanamve dzina la munthu womudziwa. Ine za kuthamanga sindidziwa kanthu, koma R200 yanga ilembeni.

Tiyamike: Anti, ine ndizithamanga nanu! Loweruka sindigwira ntchito.

Bambo Gondwe: Pepani mayi ndi zomwe zinakuonekerani. Koma ndifunse mosapsatira, musandimve molakwa. Kuthamangako kukulowa pati? Mjigo ukufuna ndalama, sukufuna thukuta. Ndalama yolembetsera mwalipira, mugulanso nsapato, mukwera mataxi kupita ku Nasrec koyambira mpikisano. Zonsezo bwenzi zitagula kale mapaipi angapo. Bwanji osangoyendetsa mbale ya msonkhamsonkha monga timachitira pa maliro? Chinanso, ndalamazo asunga ndani? Ine ndinaponyapo R500 yoti titumize thupi la mnzathu kumudzi, msungichuma anazimitsa foni mpaka lero. Mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri.

Abiti Saidi: Bambo Gondwe, funso lanu ndi labwino ndipo sindinakhumudwe. Mbale ndinayendetsapo kale, kawiri. Ulendo woyamba munagwa R900, wachiwiri R350. Sindikudandaula, tonsefe tili ndi lendi, sukulu fizi, ndi azibale odikira Mukuru pakutha pa mwezi. Anthu omwewo atopa kupemphedwa. Koma m'mawa uliwonse ndikamatulutsa mabini ndimaona anthu akuthamanga m'misewu ya kuno, ena atavala malaya olembedwa kuti akuthamangira ana odwala, ena akuthamangira sukulu. Madamu anga anandiuza kuti anzawo amapereka msanga akaona munthu akuvutikira yekha chinthucho. Ndikufuna ndalama zichokenso m'matumba ena, osati a Amalawi okhaokha. Komanso kunena zoona, kumaliro kuja sindinasenze kanthu, ngakhale chikuni. Ndikufuna thupi langali ligwireko ntchito pa nkhani ya mwana ameneyu.

Bambo a Dalitso: Mlongo wanga, ine ndine mlonda, ndimakhala ku Yeoville. Comrades, mpikisano wa makilomita pafupifupi 90, ndamaliza kawiri, ndipo ndinayamba kuthamanga ndili ndi zaka 41, ndiye za msinkhu ziiwaleni. Masabata 13 ndi ochepa kwa munthu woyambira pansi, sindikunamizani, koma kumaliza n'kotheka ngati mungamvere chinthu chimodzi: chepetsani liwiro. Chifuwa chinatentha dzulo chifukwa munanyamuka ngati mukuthamangira taxi yomaliza. Liwiro loyenera ndi loti mukhoza kucheza ndi mnzanu, kumuuza nkhani yonse osadula mawu ndi befu. Ngati simukutha kulankhula, mwathamangitsa.

Sabata ino chitani izi katatu kokha, Lachiwiri, Lachinayi ndi Lamlungu. Yendani ndawala mphindi zisanu kuti thupi litenthe. Kenako thamangani mphindi imodzi, yendani mphindi ziwiri, kubwereza mpaka zikwane mphindi 30. Basi. Mudzaona ngati masewera a ana, koma musawonjezere. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, mafupa ndi mitsempha zimachedwa, ndipo anthu ambiri amavulala pa sabata yachinayi kapena yachisanu pomwe mpweya wayamba kukwana koma miyendo isanakhwime.

Musaiwalenso pamene tili. Johannesburg ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe kwanu ku Mangochi sikufika ndi 500 komwe. Mpweya wa kuno ndi wopepuka. Inu mwakhalitsa, magazi anu anazolowera, koma pothamanga umadzikumbutsa. Anyamata a ku Kenya amachita kukakhala dala ku Iten, mamita 2,400, kufuna zomwezi.

aNabanda: Ine ndimasamalira okalamba ku Randburg, ndiwonjezerepo za chipatala. Asisi, musanayambe pitani ku kiliniki kapena ku famase akuyezeni BP ndi shuga. Azimayi ambiri a msinkhu wathuwu tikuyenda ndi BP yokwera osadziwa. Ngati mumamva chizungulire, kapena m'zikope mwanu ndi moyera, ayezenso magazi. Ndipo mukadzamva kupweteka pachifuwa kopita ku mkono kapena ku chibwano, chimenecho si befu, imani pomwepo.

Che Yusufu: Za kasungidwe ka ndalama a Gondwe akunena zoona. Maganizo anga ndi awa. Abiti asagwire ndalama, ntchito yawo ikhale kuthamanga. Osunga tikhale awiri, ndipo wachitatu azitilondola. Ndalama iliyonse ikalowa, tsiku lomwelo tiziika chithunzi pano. Ine ndili ndi akaunti ya ku banki, ndikhoza kukhala mmodzi ngati gulu livomera. Kwa anzawo a madamu pali masamba ngati BackaBuddy ndi GivenGain omwe anthu kuno amawakhulupirira, koma tifunse kaye kuti amadulapo zingati ndiponso amafuna mapepala anji.

Mayi a Mphatso: Wachiwiri akhale aNabanda. Wolondola akhale a Gondwe omwewo, poti ndi amene analumidwapo.

Bambo Gondwe: Ndavomera. Koma ndizifunsa mafunso, musadzatope nane.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Abiti Saidi: Lero ndi holide ya amayi, ndapeza mpata. BP andiyeza, ili bwino. Ndathamanga kawiri monga munanenera achimwene, ndipo chifuwa sichinatenthe. Koma nsapato zanga ndi zija zansalu zogwirira ntchito, chala chachikulu chatuluka thuza. Ndinalowa m'shopu ina kufunsa nsapato zothamangira, mtengo wake ndinangotuluka mwakachetechete.

Bambo a Dalitso: Za m'shopu zisiyeni. Pitani ku dunusa m'tauni, kaunjika wa kuno, m'mawa akangomasula mabelo. Nsapato muitembenuze, muone kunsi ngati sinadyeke mbali imodzi. Muipinde, izipindika pa zala pokha, osati pakati. Mukaivala, pakati pa chala chachitali ndi mutu wa nsapato pazilowa chala chanu chamanthu chopingasa, chifukwa phazi limatupa mukathamanga nthawi yaitali. Ine zikhadabo ziwiri zinachita kuda n'kuzuka chifukwa cha nsapato yothina. Masokosi a thonje amasunga thukuta, ndi amene amabweretsa matuza, pezani aja oterera. Thuzalo musalisende khungu.

Tiyamike: Mchemwali wanga ali ndi saizi 6 yomwe anangovala kangapo. Anti mumavala chani?

Abiti Saidi: Ndimavala 5, ndiye potengera mawu a achimwenewa 6 ikhala bwino. Mulungu akudalitse mwanawe.

Che Mdala Jafali: Mwana wanga, cholinga chako ndi chabwino, kupatsa anthu madzi ndi sadaka yosatha. Koma ndikupempha, usavale zothina zija timaziona m'misewumu. Ndiwe mayi, zithunzi zidzafika kumudzi.

Abiti Saidi: Ndamva anganga. Ndikumavala buluku lotaya la tirakisuti, malaya aatali ndi mpango wopepuka kumutu. Sizikundilepheretsa kanthu.

aNabanda: Kungoti Novembala kumatentha, asisi. Pofika nthawi imeneyo mupeze zansalu yopyapyala, zoyera, osati tirakisuti yakuda ya nyengo yozizirayi. Ndipo m'ntchafu, m'khwapa ndi pansi pa kamisolo muzipaka Vaseline musananyamuke. Kusupuka kwa pamenepo kumaliza munthu wamkulu akalowa m'bafa.

Mayi a Mphatso: Ine nkhawa yanga ndi nthawi. Mukuthamanga nthawi yanji? Kunja kukumacha mochedwa.

Abiti Saidi: Hafu faifi, chifukwa hafu sikisi ndiyenera kukhala nditayamba ntchito. Kumakhala mdima ndithu, udzu uli mbuu ndi chisanu.

Bambo a Dalitso: Nokha ayi, mlongo. Ine anandilanda foni chaka china ndikuthamanga ndekha m'mamawa, anyamata awiri, mpeni pakhosi. Kuyambira pamenepo sindinyamula foni yooneka ndipo m'makutu sindiikamo kanthu. Kwanuko timagulu ta othamanga ndi tambiri, mukaona kagulu kakudutsa apatseni moni n'kuwatsata pambuyo, othamanga sakaniza munthu. Muziyenda mbali yoyang'anana ndi magalimoto, muvale chinthu chowala, ndipo kopi ya pasipoti ndi pemiti muziikulunga m'kapulasitiki n'kuisunga m'thumba. Mukadzamasuka Loweruka, pitani ku Delta Park, si kutali ndi kwanu. Kuli parkrun, makilomita 5, 8 koloko m'mawa, yaulere, mumangolembetsa pa intaneti kamodzi. Ndi yoyamba m'dziko muno, anaiyambitsa Bruce Fordyce mu 2011, mkulu uja anapambana Comrades kasanu ndi kanayi. Kumabwera agogo, ana, amayi okankha ana m'tingolo, ena amangoyenda. Kumeneko mukazolowere kuthamanga pakati pa chigulu.

Lamlungu, 8 Seputembala

Che Yusufu: Lipoti la mwezi woyamba. Za pa gulu lino R3,150. Za madamu a Abiti ndi anzawo R4,500. Za ku mzikiti kwathu ku Mayfair Lachisanu lapitali R1,200. Zonse pamodzi R8,850. Zithunzi zonse zili pamwambapa, aNabanda aona ndipo avomereza.

Bambo Gondwe: Ndawerengera, zikugwirizana. Tsopano funso langa lalikulu. R21,100 inachokera ku makilomita, sinachokere ku mjigo. Kodi alipo amene anakautsegula n'kuona chomwe chinafa? Mwina ndi marabala chabe a ndalama zochepa, mwina pansi panagumuka kapena madzi anaphwa, zomwe zingafune kukumba wina, ndipo pamenepo ndalama izi sizingayambe n'komwe. Chachiwiri, unafa chifukwa chiyani osakonzedwa zaka zonsezi? Mijigo yambiri kumudzi ndi ya mtundu wa Afridev, anaipanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kusintha okha tizipangizo tomwe timatha. Ngati palibe komiti yotolera kangachepe mwezi ndi mwezi, tikonza lero, chaka chamawa mayiwa adzathamanganso.

Abiti Saidi: Mwandifunsa chomwe sindinachiganize, bambo. Ndiimbira achimwene anga usiku uno.

Koma abale ndili ndi vuto lina. Fupa la kutsogolo kwa mwendo wamanja, pansi pa bondo, likuwawa kwambiri. Lero ndalephera kumaliza makilomita 7, ndabwerera ndikutsimphina.

Bambo a Dalitso: Sabata ino mwathamanga kangati? Mundiuze zoona.

Abiti Saidi: Kasanu ndi kamodzi. Yathayi kasanu. Ndinapitanso kawiri ku masitepe a Westcliff, onse 210. Achimwene, ndikamaona ndalama zikulowa, mayina a anthu omwe ndikudziwa kuti alibe, ndimalephera kugona. Mnyamata wina wotsuka magalimoto anapereka R50. Ndimati ndikakhala pansi ndiye kuti ndikuwabera.

Bambo a Dalitso: Ndinadziwa. Mlongo wanga, mverani. Thupi silikula pothamanga, limakula pa tsiku lopuma. Inunso ntchito yanu ndi yoimirira tsiku lonse, kukolopa, kusita, kukwera masitepe a m'nyumba, ndiye miyendo yanu sipuma ngati ya munthu wa mu ofesi. Masiku 10 osathamanga. Madzulo ikani madzi oundana okulunga m'kansalu pamalopo mphindi 15. Kuyenda yendani. Muziimirira pa sitepe n'kumanyamuka ndi zala, kukwera ndi kutsika pang'onopang'ono, kuti akatumba alimbe. Mukadzayambiranso, muyambire pa kapinga wa ku Zoo Lake kapena ku Emmarentia, osati pa phula. Anthu anapereka kuti mukafike pa mzere womaliza mu Novembala, sanapereke kuti muthyoke mu Seputembala.

aNabanda: Gwirani fupalo ndi chala. Ngati ululu wafalikira kutalika ngati chikhatho, ndi kutupa wamba kwa othamanga. Koma ngati pali malo amodzi enieni oti mukadina mukudumpha, kapena pakuwawa ngakhale mutagona, pitani akakujambuleni, likhoza kukhala fupa loyamba kung'aluka. Chinanso chofunika: musamamwe mapilitsi opha ululu, aja a mtundu wa ibuprofen, n'cholinga choti muthamange. Thupi likauma ndi thukuta mapilitsi amenewa amapweteka impso, komanso amabisa ululu womwe ukukuchenjezani.

Abiti Saidi: Wafalikira, si malo amodzi. Ndipuma. Zikundivuta mumtima koma ndipuma.

Lachiwiri, 24 Seputembala

Abiti Saidi: Nkhani ziwiri. Yoyamba, lero poti ndi holide ine ndi Tiyamike tathamanga makilomita 8, mphindi zinayi kuthamanga, imodzi kuyenda, mwendo uli zii. Yachiwiri ndi yankho la a Gondwe. Achimwene anga anakatenga mekaniki wa mijigo wa m'dera lathu, anautsegula pamaso pa amfumu. Madzi alimo. Mapaipi awiri anang'aluka, ndodo zina zinachita dzimbiri n'kuduka, silinda ndi yofunika ina, ndipo simenti ya pansi inasweka moti madzi akuda amabwerera m'chitsime. Komiti inalipo koma inatha, msungichuma atamwalira palibe anatenga buku. Amfumu aitanitsa msonkhano, asankha komiti ina ya anthu 10, amayi 6. Agwirizana kuti khomo lililonse lizisonkha mwezi ndi mwezi, ndipo mchenga, miyala ndi njerwa abweretsa okha. Pepala la mitengo mekaniki walemba, ndatumiza kwa Che Yusufu.

Bambo Gondwe: Tsopano tikulankhula. R300 yanga ndatumiza. Ndanena kale, ndikupereka ku mjigo, za kuthamangazo maganizo anga sanasinthe. Langizo langa, ndalama zikhale m'marandi mpaka tsiku logula. Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, amene anali atatumiza kale ndalama za malata anagula ochepa. Ndipo tisatumize kwa munthu mmodzi. Zipangizo tilipire kusitolo komweko, lisiti lijambulidwe, mekaniki alandire theka poyamba, theka madzi akatuluka.

Che Yusufu: Ndagwirizana nazo. Pepala la mekaniki tikalisintha m'marandi a lero likukwana mkati mwa R21,100, ndipo patsala kangachepe. Ndikuti kotsalako tigulire komiti marabala ndi tizipangizo tina tosungira, komanso mankhwala a klorini otsukira chitsime asanayambe kumwa. Alangizi a zaumoyo a m'deralo ndi amene amadziwa muyezo wake.

Tiyamike: Ine ndingonena kuti anti pa chitunda salankhula, amangoyang'ana pansi milomo ikugwedera. Ndinawafunsa, akuti amawerenga masitepe ochokera kunyumba kwa agogo kukafika kunyanja.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Mayi a Mphatso: Lero kwathu ndi tsiku la anakubala. Amene simunatumize chitenje kwa mayi anu, kapena mayi anu anatsogola ngati ine, ponyani kenakake kwa Che Yusufu m'dzina lawo. Ine ndawonjezera R150 m'dzina la malemu mayi anga, omwe khosi linawapweteka mpaka imfa chifukwa cha ndowa.

Abiti Saidi: Zikomo achemwali. Ndikuuzeni za Lamlungu lapitali, poti ndi ulendo wautali kuposa yonse, makilomita 17. Tinanyamuka 5 koloko, ine, Tiyamike ndi a bambo a Dalitso omwe anabwera molunjika kuchokera ku ntchito ya usiku osagona. Usiku kunagwa mvula, ndiye misewu yonse ya Parkview inali yofiirira ndi maluwa a jakaranda, oterera ngati therere, tinkaponda mosamala. Mpaka makilomita 12 ndinali bwino. Pa 14 miyendo inasanduka mitengo. M'kamwa munauma, zala za m'manja zinatupa, ndipo ndinayamba kukwiya ndi aliyense, ngakhale mbalame. Achimwene anatulutsa nthochi ndi kambatata kophika kothira mchere m'kapulasitiki, anati idyani, yendani mphindi zitatu, musaganize za makilomita atatu otsala, ganizani za mtengo uwo. Tikafika pa mtengowo amandionetsa wina. Tinamaliza pa maola awiri ndi mphindi 25. Nditakhala pansi pa kapinga ndinalira, osati chifukwa cha ululu. Ndinakumbukira kuti tsiku lija achemwali anga anabereka mwana kumsana kuthamangira naye kuchipatala, popanda wowapatsa nthochi panjira.

Bambo a Dalitso: Munalimba mlongo. Amene wamaliza 17 amamaliza 21, anayi otsalawo adzakunyamulani ndi anthu a ku Soweto, amatuluka m'nyumba kudzaimba m'mbali mwa msewu. Tsopano tiyamba kutsitsa. Lamlungu likubwerali 12, linalo 8, sabata yomaliza tiwiri tatifupi ta mphindi 20 basi. Mudzamva ngati mphamvu zikuthawa, miyendo idzayabwa kufuna msewu, musaimvere. Chomwe chinakuchitikirani pa 14 ndi njala ya minofu, munachedwa kudya. Pa tsikulo muyambe kuponya kanthu m'kamwa ikangokwana mphindi 45, musadikire kufooka.

Ndikuuzeninso za madzi, poti simunaonepo. M'mipikisano ya kuno madzi amapereka m'timapulasitiki tomata, ngati tija ta mafirizesi. Mumaluma pakona n'kumayamwa pang'onopang'ono mukuyenda. Tengani tiwiri, kena kakumwa, kena kothira pamutu ndi pakhosi. Matebulo ena amakhala ndi Coke m'timakapu, theka lachiwiri amathandiza. Pansi pamakhala timapulasitiki tambirimbiri tonyowa, pondani bwino. Soweto ili ndi zitunda ndipo dzuwa la Novembala likangokwera limaluma, mithunzi ndi yochepa kusiyana ndi ku Parkview. Chitunda chikakula yendani, palibe adzakulandeni mendulo.

aNabanda: Kutupa kwa zala kuja kumachitika, koma kundikumbutsa chinthu. Musamwe madzi mopitiriza poopa kuuma. Madzi okhaokha ochuluka amasungunula mchere wa m'magazi, munthu amatha kukomoka nazo. Imwani mukamva ludzu. Mukamaliza, ngati mwatuluka thukuta kwambiri, imwani madzi a mchere ndi shuga, omwe aja kwathu timati Thanzi. Popanda paketi, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere. Ndipo asisi, muwauze a komiti kumudzi muyezo womwewu, mvula ili pafupi.

Abiti Saidi: Ndiwauza lero lomwe. Nanga chakudya cha usiku wake? Madamu akuti ndidye pasta.

Bambo a Dalitso: Idyani nsima yanu. Chimene mimba yanu ikuchidziwa ndi chimenecho. Ine ma Comrades onse awiri ndinathamangira nsima. Ndiwo zikhale zopepuka, nkhuku kapena mazira, osati nyemba, kabichi kapena tsabola. Mudye dzuwa likamalowa, osati usiku kwambiri. M'mawa tiyi ndi buledi kapena phala pang'ono, maola awiri mpikisano usanayambe. Lamulo ndi limodzi: pa tsikulo chachilendo ayi. Nsapato zomwezo, masokosi omwewo, mpango womwewo.

Che Yusufu: Pofika usiku uno tili pa R16,400. Tsiku la anakubala lokha labweretsa R2,050.

Loweruka, 2 Novembala

Che Yusufu: Lipoti lomaliza mpikisano usanachitike: R19,750. Yatsala R1,350. Pali anthu atatu omwe anati apereka Abiti akawoloka mzere, malonjezo awo akukwana R1,000.

Bambo Gondwe: Lonjezo si ndalama, tiwerenge zomwe zili m'manja. Komabe zomwe zilipozi zikukwanira zipangizo zonse ndi theka la mekaniki, ndiye ndikuti Lolemba tilipire kusitolo, tisadikire. Mvula ikayamba simenti idzavuta kuuma. Za mayendedwe a mawa, galimoto ya bakkie ya kuntchito andibwereka. Ndinyamuka ku Cosmo City 3 koloko, ndidutsa ku Randburg kutenga aNabanda, kenako ku Parkview. Misewu yozungulira FNB Stadium imadzaza msanga, wochedwa ndimusiya.

Mayi a Mphatso: Ine ndi ana tikakhala cha kumapeto ndi mbendera ya Malawi, yaikulu ija. Achemwali mukaona dzuwa lofiira pa nsalu yakuda mudziwe kuti mwafika. Ndaphika mandasi ndi thobwa la mukamaliza.

Che Mdala Jafali: Ndakupempherera mwana wanga. Upite bwino, ubwere bwino.

Bambo a Dalitso: Ine ndithamanga pambali panu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, nthawi yanga chaka chino ilibe ntchito. Mfuti ikalira anthu adzathamanga ngati aona njoka, asiyeni apite, ambiri tidzawapeza pa kilomita 15. Zinayi kuthamanga, imodzi kuyenda, kuyambira pa kilomita yoyamba. Nambala ndi layisensi ya tsiku limodzi yothamangira mpikisano muzimange pa malaya usiku uno, mapini anayi iliyonse. Zikhadabo mwawenga?

Abiti Saidi: Ndawenga achimwene. Nambala ndamanga, malaya ndayala pa mpando, Vaseline ndi nthochi ziwiri zili m'thumba. Nsima ndadya 6 koloko. Mayi anatumiza mawu pa foni ya achimwene anga, akuti amayi a m'mudzi atuta kale mchenga, mulu uli pambali pa mjigo, ndipo mawa akachoka kunyanja akakhala pakhonde kudikira foni. Achemwali anga sanalankhule zambiri, anangoti ndilembe dzina la mwana penapake. Tiyamike wandilemba ndi cholembera chakuda mkati mwa mkono wamanzere, pomwe ndimayang'ana wotchi.

Bambo Gondwe, geti la kutsogolo limachita phokoso, abwana angadzuke. Mukafika muime pakona, ndikhala nditatuluka kale.

Bambo Gondwe: Kota tu folo ndili pakona. Tengani juzi, m'mawa ku Nasrec kumazizira.